Mbiri ya Mzimba ipezeke pamsewu, pa Jenda

Basi zochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu ndi ku Karonga zimaima pa Jenda. Apolisi a pa rodibuloko akamaunguza katundu, apaulendo amatsika kukawongola miyendo, ndipo nthawi yomweyo amayi amakhala afika kale ndi mabeseni a tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere, mitengo ikutchulidwa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa momwe. Pakapita kanthawi dalaivala amaliza hutala, aliyense n'kukwera jumbo ili m'manja. Anthu amenewa aponda pakhomo la boma lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi, koma palibe chowauza kuti dziko aimapolo linaona zotani, ndi kuti makolo a amayi awagulitsa tomatowo anachokera kuti. Ine ndikuti pa Jenda pakufunika nyumba yosungiramo zinthu zakale. Isakhale chinyumba chansanjika chodikira thandizo la akunja. Ikhale nyumba yaing'ono ya m'mbali mwa msewu, yofotokoza mbiri ya anthu onse a m'boma la Mzimba, ogonjetsa ndi ogonjetsedwa omwe, ndipo ntchito yosonkhanitsa zoikamo iyambe tsopano, njerwa ngakhale imodzi isanaumbidwe.

Zoti n'kuikamo zilipo zambiri kuposa malo amene angapezeke. Kumpoto kwa tauni ya Mzimba kuli phiri la Hora, ndipo m'tsinde mwake, pansi pa thanthwe, J. Desmond Clark ndi W.H.J. Rangeley anafukula mafupa a anthu akale mu 1950. Kuyambira mu 2016 akatswiri otsogozedwa ndi Jessica Thompson, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, akhala akufukulanso pamalopo, ndipo mafupa a makanda amene anawapeza apereka DNA ya zaka zoposa 14,000, imene ili m'gulu la yakale kwambiri yopezeka kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Anthu amenewo ankadalira kusaka ndi kutola za m'tchire, Mtumbuka kapena Mngoni asanaponde dziko lino. Pambuyo pake panabwera Atumbuka, alimi ndi osungunula chitsulo m'ng'anjo, kenako Angoni. Zwangendaba Jere anawolotsa anthu ake mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, nakafera kutali ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, cha mu 1848. Ana ake atagawikana, Mpezeni anakathera ku Chipata, pamene M'mbelwa anatsikira kuno m'zaka za m'ma 1850 nakhazikitsa ufumu umene mpando wake lero uli ku Edingeni. Ufumu umenewu sunagwe ndi mfuti monga unagwera wa Gomani mu 1896 ndi wa Mpezeni mu 1898. Unalowa pansi pa Angerezi mu 1904 mafumu atakambirana ndi Alfred Sharpe ku Ekwendeni, ndipo mu 1915 Inkosi Chimtunga anachotsedwa pampando n'kupirikitsidwira kum'mwera kwa dziko chifukwa chokana kupereka anthu ake kuti akakhale amtengatenga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Bungwe la Mombera Native Association, limene linayamba mu 1920, linalimbikira kuti ufumuwo ubwerere, ndipo M'mbelwa II anadzakhala mmodzi mwa mafumu amene anakana poyera Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mwana wa sukulu wa ku Champhira kapena ku Luwerezi amaloweza ena mwa mayina amenewa kuti akhoze mayeso, koma palibe pomwe angakaone kalata, chithunzi kapena mapu omutsimikizira kuti zimenezi zinachitikira kwawo.

Mbiri ya mishoni ndiyo ili pafupi zedi. Msewu wopatuka pa Jenda umakafika ku Embangweni, kumene Donald Fraser anasamutsira mishoni kuchokera ku Hora mu 1902 n'kuitcha Loudon. Amene anatsegula njira ya uthenga pakati pa Angoni sanali mzungu. Anali William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale, amene ankamvana chinenero ndi mafumu, anakhala ku Njuyu kuyambira mu 1882 namwalira komweko mu 1886. Fraser analimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo pa maimbidwe a makolo, ndipo nyimbo za anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula zikuimbidwabe m'matchalitchi a Sinodi ya Livingstonia mpaka lero. M'busa Yesaya Chibambo analemba mbiri ya Angoni, nayenso Margaret Read, amene anakhala pakati pawo m'zaka za m'ma 1930, analemba buku lotchedwa The Ngoni of Nyasaland. Nanga zonsezi zili kuti? Makalata a mishoni ali ku Zomba, kosungira zikalata za boma, ndi ku Edinburgh. Zotsatira za kafukufuku wa ku Hora zili m'magazini a sayansi, m'Chingerezi chimene ngakhale mphunzitsi wa sekondale angavutike nacho. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zimene timazidziwa zili ku Mzuzu, ku Livingstonia, ku Karonga, ku Mua, ku Mangochi ndi ku Chichiri mu Blantyre. Mwini mbiri ndiye amene ayenera kulipira basi kuti akaione kwa eni ake.

Koma pali mbiri ina imene sinalembedwe mokwanira, ndipo ndi imeneyi ikundichititsa kunena kuti tisadikire. Chiyambireni msonkho wa atsamunda, amuna a ku Mzimba akhala akupita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia ndi ku Joni, ena wapansi, ena kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Mthandizi. Ena anabwerako ndi njinga, makina osokera ndi galamafoni, ena anatchona osaonekanso. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu opita ku migodi. Mnyamata amene anakwera ndege za Wenela ngoziyo isanachitike, lero ndi gogo wa zaka 70 kapena kuposerapo. M'nyumba zambiri za kum'mwera kwa Mzimba mukadali bokosi lachitsulo lopaka utoto, loko wake atachita dzimbiri, m'kati muli chiphaso cha ku mgodi chokhala ndi nambala, makalata opita kwa mkazi, ndi chithunzi cha mwini wake atavala chisoti cha nyali pamphumi. Mwiniyo akamwalira bokosi limasanduka losungiramo mbewu, mapepala aja n'kuyatsira moto kapena kudyedwa ndi chiswe. Amayi amene ankatsala pamudzi n'kumalima, kulera ana ndi kuyang'anira ng'ombe zaka zambiri mwamuna ali kutali, nkhani yawo ndiyo siifunsidwa kawirikawiri, chonsecho ndi iwo amene anagwira midzi kuti isapasuke. Ndipo ulendowo sunathe. Achinyamata a ku Mzimba akudzazabe mabasi a ku Johannesburg, nyumba za malata zikumangidwa ndi ndalama za ku Joni, maliro akubwerabe pa galimoto kuchokera ku South Africa. Mnyamata wokonzekera ulendo umenewu ayenera kudziwa kuti agogo ake anayenda njira yomweyo, anapezako chiyani ndipo anatayako chiyani.

Ena anena kuti malo oyenera nyumba yotere ndi ku Hora, ku Edingeni kapena pa boma pa Mzimba, osati pamsika waphokoso ngati Jenda. Malo onsewo ali ndi ulemu wake ndipo sindikufuna kuti alandidwe kanthu. Koma tiyang'ane mapu. Msewu wa M1 sudutsa m'tauni ya Mzimba. Ku Hora, ku Edingeni ndi ku Embangweni munthu amapita atachita kupangana nawo ulendo, pamene pa Jenda amaimapo ngakhale amene sanalingeko. Pomwepa mpamene msewu waukulu umakumana ndi njira ya ku Embangweni ndi ya ku Lundazi, kumene kuli Atumbuka ndi Angoni amene malire a atsamunda anawalekanitsa ndi abale awo a kuno. Mbiri ya Mzimba, kuchokera kwa Zwangendaba kufika kwa mnyamata wa ku Joni, ndi mbiri ya anthu a paulendo, choncho siingachite manyazi kukhala pamphambano. Nyumba ya pa Jenda ikhale khomo lolozera anthu ku malo enawo, osati yopikisana nawo. Ku Vietnam, m'tauni ya Hoi An ya m'mbali mwa nyanja, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a mbiri mu 1999, sanaunjike zonse m'chinyumba chimodzi. Anatenga nyumba zakale n'kuikamo zoonetsa pang'onopang'ono, ina ya mbale zadothi zimene ankachita nazo malonda, ina ya anthu akale a Sa Huynh, ina ya moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo mlendo amagula tikiti imodzi yolowera malo angapo. Jenda, Embangweni, Edingeni ndi Hora akhoza kulumikizana chimodzimodzi, aliyense kusunga gawo limene akulidziwa bwino.

Pamene pali povuta kwenikweni ndi pa funso lakuti nyumbayo idzanena mbiri ya yani. N'kosavuta kupachika chishango, mkondo ndi nthenga pakhoma n'kunena kuti nayi mbiri ya Mzimba, koma imeneyo ndi theka chabe. Cha mu 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anaukira ulamuliro wa Angoni nakwera phiri la Hora. Anazingidwa pamenepo ndipo ambiri anaphedwa, ngakhale Baza mwini anapulumuka. Phiri lomwelo ndi limene lero limalandira mwambo wa Umthetho. Ndikudziwa kuti alipo akuluakulu a mtima wabwino amene anganene kuti zoterezi zisiyidwe, kuopa kutosa chilonda chimene chinapola kale, makamaka m'dziko limene andale sachedwa kutola nkhani ya mitundu n'kuisandutsa chida cha kampeni. Mantha amenewa ndi omveka, koma ndikuona kuti akulakwitsa poyesa kuti chete ndiye mankhwala. Nkhani ya Hora imakambidwa kale m'makomo, banja lililonse m'njira yake, popanda wina woika mbali ziwirizo pamodzi. Ndipo munthu wa ku Mzimba wa lero si mdzukulu wa mbali imodzi. Mngoni amalankhula Chitumbuka chifukwa amayi amene analera makolo ake anali Atumbuka, naye Mtumbuka amalowola ndi ng'ombe ndi kuvina ingoma. Gulu limene linawoloka Zambezi linkakula potenga anthu m'njira, Athonga, Akaranga, Asenga ndi Achewa, ndipo ena mwa iwo anadzakhala nduna ndi atsogoleri a nkhondo. Mbiri yonenedwa yonse imasonyeza kusakanikirana kumeneku, pamene yodulidwa pakati ndiyo imasiya ena akudziona ngati eni ndi ena ngati alendo. Mumzinda wa Da Nang, pafupi ndi Hoi An, muli nyumba ya ziboliboli zamiyala za anthu a Champa, imene inayamba kumangidwa mu 1915 n'kutsegulidwa mu 1919. Ufumu wa Champa unagonjetsedwa ndi makolo a Avietnam a lero, likulu lake la Vijaya linagwa mu 1471, komabe mzindawo umasamala ntchito za manja a ogonjetsedwawo n'kumatengera alendo ake kukaziona. Ngati iwo angathe, sindikuona chotilepheretsa kuika nkhani ya Baza ndi ya M'mbelwa m'chipinda chimodzi.

Palinso onena kuti ntchito imeneyi Umthetho ukuigwira kale. Mwambowu, umene bungwe la Mzimba Heritage Association lakhala likukonza mwezi wa Ogasiti kuyambira mu 2008, wachita zazikulu. Amene anaonapo amuna a ingoma atandanda, zishango kumanzere, zibonga kumanja, mapazi akugunda pansi nthawi imodzi popanda ng'oma iliyonse, amayi akuwomba m'manja kumbuyo kwawo, sangakayike kuti chikhalidwe chili moyo. Koma mwambo ndi wa masiku ochepa pachaka, ndipo ndi malo a chikondwerero ndi ulemu kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa V ndi amakhosi ake. Si malo amene mwana wa Fomu 2 angaimike mkulu n'kumufunsa chifukwa chimene Chimtunga anachotsedwera, kapena kukhala pansi n'kuwerenga kalata ya munthu wa ku mgodi. Mphunzitsi amene akuphunzitsa mbiri ya Angoni mwezi wa Febuluwale sangadikire Ogasiti. Mwambowu ndi nyumba ya mbiriyi zimafunana, ndipo bungwe la Mzimba Heritage Association ndi limodzi mwa oyenera kutsogolera.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi cha ndalama. Dera limene mankhwala amasowa m'zipatala, ana amakhala pansi m'kalasi ndipo feteleza wakwera mtengo, lingaganize bwanji za nyumba ya zinthu zakale? Ndikanakhala kuti ndikupempha mabiliyoni, ndikanavomera kugonja. Koma gawo loyamba, limenenso ndi lofulumira kuposa onse, silifuna simenti. Likufuna mafoni ojambulira mawu ndi zithunzi, kaundula wolembamo chilichonse chopezeka, chipinda chimodzi chosadontha, ndi anthu ophunzitsidwa kufunsa mafunso mwaulemu. Anthuwo alipo: ophunzira za mbiri ku Mzuzu University, ophunzira zauphunzitsi ku Loudon, aphunzitsi a m'sekondale zozungulira. Ku Karonga nyumba yotchuka ija ya Malawisaurus inatsegulidwa mu 2004 ndi thandizo la European Union, koma panali patapita zaka zambiri anthu akufukula ndi kusonkhanitsa, pakuti chibwano cha munthu wakale cha ku Uraha chinapezeka mu 1991. Zoonetsa zinayamba, nyumba inatsatira. Abale athu a kwa Mpezeni nawo ali ndi nyumba yawo ya mbiri ku Feni, pafupi ndi Chipata, yotchedwa dzina la Nsingo, mwana wa Mpezeni amene Angerezi anamupha mu 1898. Chimene chimapha nyumba zotere si kusowa kwa ndalama zomangira, koma kusowa kwa malipiro a woyang'anira ndi ndalama zokonzera denga chaka chachitatu. Apa mpamene khonsolo ya M'mbelwa iyenera kulankhula momveka isanayambe ntchito. Khonsolo imatolera ziphaso pamsika wa Jenda, ndipo kupatulapo kagawo kolipira munthu mmodzi wophunzitsidwa bwino si chinthu chosatheka. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu likhoza kukonza chipinda, koma malipiro afunika gwero losauma. Sindilonjeza kuti azungu adzakhamukira pa Jenda ndi madola. Akabwera, zikomo, koma nyumbayi ndi ya mwana wa pa Jenda poyamba.

Nanga Amalawi amalowa m'nyumba zotere? Ambiri salowa, n'zoona, koma tifunse chifukwa chake. Munthu akalowa n'kupeza mbiya zafumbi kuseri kwa galasi, pansi pake kapepala ka Chingerezi, palibe chomuuza kuti abwerenso. Pa Jenda mawu ofotokozera ayambe m'Chitumbuka, Chichewa ndi Chingerezi zitsatire. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mu 1968 n'kudzabwerera pa wailesi mu 1994, ndipo nayonso ndi mbiri yoyenera kukhala pakhoma. Koposa zolemba, nyumbayo ikhale ndi mawu: gogo akufotokoza mmene ankatsikira pansi pa mgodi, mayi akufotokoza za chaka cha njala, nyimbo za ku Loudon, ng'oma za vimbuza, gule wochiritsa amene UNESCO inamuzindikira mu 2005. Osadziwa kuwerenga asatuluke chimanjamanja. Khomo litseguke nthawi imene msika uli m'kati, Loweruka lomwe, ana a sukulu azilowa ulere, ndipo pakhale kanthu kamene wapaulendo angaone m'mphindi khumi basi isanalize hutala. Munthu amene wapeza chithunzi cha agogo ake pakhoma safunika kumuitana kachiwiri, ndipo amabwera ndi abale.

Pali zinthu zimene siziyenera kuonetsedwa, ndipo zimenezi zigamulidwe poyambirira. Zida zina za ufumu zili ndi miyambo yake, ndipo mawu omaliza pa izo ndi a Inkosi ya Makosi ndi amakhosi monga Mzikubola, Mzukuzuku, Mabilabo ndi Khosolo. Mafupa a anthu a ku Hora ndi mitembo ya anthu, osati zokopera alendo, ndipo nkhani yawo ikhoza kufotokozedwa bwino lomwe ndi zithunzi za malowo ndi zida zamiyala zimene ankagwiritsa ntchito. Nawo mabanja ali ndi chifukwa chokanira kupereka katundu wa makolo awo, poti zinthu zambiri za mu Africa zinatengedwa ndi anthu olonjeza kuzisunga ndipo sizinabwererenso. Choncho lamulo likhale lakuti banja limabwereketsa, silipereka. Kalata kapena chithunzi chijambulidwe, chenicheni chibwerere kwa mwini wake ngati afuna, pamodzi ndi kope loti asunge. Komiti yoyang'anira ikhale ndi nthumwi za amakhosi, mafumu a Chitumbuka, amayi, mipingo, aphunzitsi ndi ochita malonda a pamsika, mtundu wa chipani chilichonse usapezeke pakhoma, ndipo katswiri wa nthambi ya boma aziwaphunzitsa kasungidwe ka mapepala ndi zikopa. Banja lililonse lobweretsa chinthu lizilandira risiti yokhala ndi nambala yofanana ndi ya m'kaundula, dzina la mudzi, tsiku, ndi siginecha za anthu awiri a m'komiti, ndipo kaundulayo azikhala poyera kuti aliyense wofuna kuona ngati bokosi la agogo ake likadalipo athe kutsegula yekha.